Mawu a Jailosi pa Kaseti

M'chaka cha 1995, pakamwa pa anthu patamasuka, Jailosi wa ku Malomo anaganiza zojambula nyimbo yake yolirira matenanti a fodya, imene ankati boma lakale linkaitsekereza. Situdiyo inali chigafa cha fodya cha apongozi ake, makina anali wailesi ya kaseti ya mabatire oyanika padzuwa, ndipo pang'oma panali mlamu wake Stephano, mlongo wa mkazi wake Tabita, munthu woti ukamuuza kuti adikire mvula amadikiradi mpaka Novembala.

Wa matola anali atavomera kukasiya kasetiyo kwa ogulitsa nyimbo ku Lilongwe, koma ankanyamuka dzuwa lili paliwombo. Iwo anajambula koyamba, nabweza tepi ndi bolopeni posunga mabatire. Wailesi inangoti du, du, du.

"Alamu, mukumva chiyani?" anafunsa Jailosi.

"Ng'oma. Yatuluka bwino."

"Nanga ine ndili kuti?"

"Muli apa."

"Ndikunena m'kasetimu."

Stephano anawerama nasuzumira pakagalasi ka wailesi.

"Simukuoneka."

Jailosi anapachika banjo yake ya chigubu pamtanda woyanikapo fodya. Anakumbutsa mlamu wakeyo kuti mawu ake akhala m'ndende zaka zonse za chipani chimodzi, ndipo sangalole kuti lero amangidwenso ndi chikopa cha mbuzi.

"Ng'omayo ifunditseni bulangeti."

"Ndaiwamba pamoto m'mawa wonse kuti ilire."

"Ndikudziwa."

"Tsopano ndiifunditse kuti isalire?"

"Eya."

Stephano anaifunditsa mosamala, mpaka kupindira m'mbali ngati akugoneka wodwala malungo. Anajambula kachiwiri. Du, du, du, kuposa poyamba.

"Mwamenyeranji mwamphamvu chonchi?"

"Bulangeti limabisa kulira kwake. Ndimaithandiza."

"Ine ndimafuna kuti ibisike."

"Munati ndiifunditse. Zoinyengerera simunanene."

Jailosi anatulutsa mabatire, nawanyambita kumutu mmodzimmodzi. Awiri anali atayamba kale kuzizira. Analoza kunja.

"Tengani ng'oma yanu mukakhale kuseri kwa khola."

"Mlongo wanga sakondwa nazo zimenezi."

"Tabita zikumukhudza bwanji?"

"Anandilangiza."

"Kukhitchini wolangiza ndi iye. Mubandi muno ndine."

Stephano anasenza ng'oma napita. Kachitatu m'kasetimo munatuluka ng'oma ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri, zonse zomveka bwino kuposa mwini nyimbo. Apo Jailosi anatuluka thukuta. Dzuwa linali litakwera, mthunzi wa chigafa ukubwerera kunsi kwa nsanamira.

"Mukukaona kaphiri ako?"

"Ndinabadwa ndikukaona."

"Kwerani. Mukaime pamene simukundimva."

"Ndikapanda kukumvani, ndidziwa bwanji poyambira?"

"Ndimanga chitenje kukhosi kwa banjo. Chikagwedezeka, menyani."

"Cha chipani chiti? Mlongo wanga ali nazo zitatu."

"Chilichonse chooneka patali."

"Nanga mphepo ikachigwedeza?"

"Alamu, kwerani phiri."

Anakweradi, ng'oma kumsana, bulangeti paphewa, pakuti palibe anamuuza kuti alisiye. Jailosi anagwedeza chitenje, natsinzina, naimba ndi mtima wonse za tenanti wa ku Mulanje amene analima fodya zaka zisanu osagula ngakhale njinga. Pamene Stephano ankatsika, wefuwefu, anapeza mlamu wake atakhala pachitsa, wailesi pamiyendo, nkhope ikuwala ngati ya mkwati.

"Khalani pansi, mumve zimene dziko linamanidwa."

Anadina batani. Ng'oma inamveka patali, mwaulemu. Banjo inalowa bwinobwino. Kenako panatuluka mawu ngati gudumu la ngolo losapaka girisi potsika mtunda. Galu wa apongozi, amene anagona pamenepo osatekeseka ndi ng'oma kapena mbuzi, anadzuka napita kudimba.

"Mabatire afooka," anatero Jailosi.

"Akafooka amafoola zonse. Banjo ili bwinobwino."

"Ndiye kaseti ndi yachikale."

"Munagula dzana."

"Nanga akuimbayu ndani?"

"Ndinu."

"Ine sindiimba chonchi."

"Mumaimba chonchi kuyambira tsiku la chinkhoswe chanu."

Jailosi anamvetseranso mpaka pamene tenanti uja anabwerera kwawo wapansi. Mtima unamuwawa zenizeni, chifukwa munthu amazolowera kunyozedwa ndi anzake, koma uyu womunyoza anali iye mwini.

"Bwanji palibe anandiuzapo?"

"Palibe anakumvanipo."

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuimba m'maukwati?"

"Zaka khumi ndi ziwiri ine ndili pambali panu. Sabata imene munalowa m'mudzi muno, mlongo wanga anandigulira chikopa, nati: mwamuna wanga ndi wabwino, akangotsegula pakamwa, menya."

"Ine ndinkati ndi boma."

"Boma linasintha. Mlongo wanga sanasinthe."

Kumsewu hutala ya matola inalira kawiri. Jailosi anayang'ana wailesi, anayang'ana kaphiri, natenga bolopeni n'kuyamba kubweza tepi. Mabatire anali okwanira kujambula kamodzi kokha.

"Chotsani bulangeti."

"Ndachotsa."

"Ng'omayo muikhazike apa, pakamwa penipeni pa wailesi."

"Ndakhazika. Nanga inu muima pati?"

Jailosi anakoleka banjo paphewa, namasula chitenje n'kuchipereka kwa mlamu wake.

"Mukadina batani mugwedeze. Ine ndikaimbira kuphiri."