Khadi la Nyumba Yanga Linali M'chitini cha MaNcube

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ine si munthu wolankhulalankhula. Zaka zonsezi ndakhala pa benchi ilo, simudandionepo nditaima pano. Lero ndaima. Wina akapsa mtima ndi mawu anga, apse. Inenso ndapsa.

Mukundidziwa, ndine Nkhoma. Ndidabwera ku Bulawayo kuno wapansi kuchokera kwathu ku Ntcheu. Ndanyamula malasha ku njanji mpaka msana uwu udapindika. Ndagona m'komboni, amuna okhaokha chipinda chimodzi ngati matumba. Mkazi wanga atanditsatira ndi ana, ndidati ayi, banja langa siligona m'komboni.

Nthawi imeneyo malemu a Mbewe anali kubwerera kumudzi, chifuwa chitawatha. Anali ndi nyumba muno m'lokeshoni, zipinda ziwiri, njerwa zosaotcha, denga la malata. Adamanga ndi manja awo. Tidagwirizana, ndidalipira zonse. Ndipo tidachita monga timachitira kwathu. Tidaitana mboni ziwiri, amuna a mpingo uno. Tidapha tambala, mkazi wanga adaphika, tidadya mbale imodzi. A Mbewe adandipatsa kiyi pamaso pa mbonizo, nati, "Nkhoma, nyumba ndi yako." Kwathu mawu amenewo akwanira. Munthu sabweza mawu amene adadyera nkhuku.

Ndinali wopusa. Ndanena ndekha, musandithandize. Sindidadziwe kuti kuno makoma ndi ako, koma dothi limene akhalapo ndi la eni tauni, ndipo dzina la mwini sitandi, ndiye kuti malo omangapowo, limalembedwa m'buku ku ofesi. M'bukumo mudatsala dzina la a Mbewe.

Kuseri kwa mpanda wanga kumakhala mayi wamasiye, Mndebele, dzina lake MaNcube. Amafulula mowa. Sabata yoyamba nditalowa m'nyumba, adabwera pakhomo panga ndi kachitini m'manja. Ine ndidati uyu wabwera kudzanditsatsa mowa. Asanatsegule pakamwa ndidamuuza, "Choka! Pakhomo pa Mkhristu sipaponda mkazi wa mowa." Adandiyang'ana, natembenuka. Zaka zitatu sindidampatsepo moni. Zaka zitatu, ndipo ndimadzitama nazo.

Mwezi wathawu ndikuweruka kuntchito, ndipeza mwamuna wa jekete ndi chipewa chopendeka akuyeza khoma langa ndi mapazi.

Ndidati, "Mukufuna chiyani pakhomo panga?"

Iye akuti, "Pakhomo panu? Madala, ine ndine mwana wa mlongo wawo wa a Mbewe. Amalume adamwalira. Za amalume ndi zanga, mwambo mukuudziwa inunso. Mwagona ulere zaka zitatu, zakwana. Mwezi ukatha mutuluke."

Ulere! Abale, ulere! Ine amene ndidadya nsima ya mchere wokha kuti ndigule malata amenewo! Dzanja langa lidafika pa mpini wa khasu. Mkazi wanga ndiye adaligwira.

Tidapita ku ofesi ya lokeshoni. Mzungu adatsegula buku, kalaliki akumasulira. Akuti, "Pepala lako lili kuti?" Ndidati pepala ndilibe, ndili ndi mboni, tidadya nkhuku. Mzungu adaseka mpaka kuvula magalasi. Akuti, "Kaitenge nkhukuyo idzalankhule." Wa jekete uja naye kuseka. Ine mdala wa imvi, kusekedwa ngati mwana wodzikodzera. Kenaka mzungu adandipatsa sabata imodzi. Mboni kapena pepala. Apo ayi, kiyi apite kwa uyo, ine ndibwerere kukomboni, mkazi ndi ana akwere sitima.

Ndidapita kwa mboni zanga. Tsono tcherani khutu. Maina sinditchula, ine si wapolisi. Koma ali muno.

Woyamba akuti, "Achimwene, mundikhululukire. Chitupa changa chili m'dzina la mkulu wanga, ndicho ndidalowera m'dziko lino. Ndikaima pamaso pa mzungu andifunsa chitupa, ndathera pomwepo." Ameneyo ndidamumvetsa pang'ono. Pang'ono.

Wachiwiri akuti, "Aa, zakale zija, a Nkhoma, mutu wanga sugwira. Koma tikupemphererani." Mutu sugwira! Tsiku la nkhuku mutu udagwira. Nthutumba adadya ndi iyeyo, ntchafu adaonjeza. Lero waimba mokweza kuposa tonse, ndamumva. Musayang'ane pansi, abale, pansi palibe dzina langa.

Ndidapemphera, koma sindinama, pemphero langa linali lokalipa. Ndidati, "Ambuye, ndakuberani chiyani? Mowa sindimwa, fodya sindisuta, kutchalitchi sindijomba. Mundisiya wa jekete agone pansi pa malata anga?" Kumwamba kunali zii.

Litatsala tsiku limodzi, m'mawa, mkazi wanga adatulutsa miphika panja nayamba kuimanga m'nsalu. Sadalire.  Pomwepo ndidamva mawu kuseri kwa mpanda.

"Wena, baba Nkhoma! Mukusamuka osatsanzika?"

Anali MaNcube. Chinyanja chathu amachidziwa bwino. Adachiphunzira kwa amuna athu amene amakhala pabwalo pake Loweruka, ena a iwo ndikuwaona pano.

Ndidati, "Mayi, lero si tsiku loti mundiseke."

Akuti, "Bwerani kuno kumpanda. Mpandawu suledzeretsa."

Ndidapita. M'manja mwake munali kachitini komwe kaja. Adatsegula, natulutsa khadi lokulungidwa m'kansanza. Khadi la sitandi yanga. Kumbuyo kwake kalaliki adalemba kuti Mbewe wapereka sitandi kwa Nkhoma. Chala cha a Mbewe chili pomwepo, chidindo cha ofesi chili pomwepo.

Adandifotokozera. Tsiku lonyamuka, a Mbewe adadzera ku ofesi kukalembetsa. Chidatsala n'chakuti ine ndipite nalo khadilo kuti asinthe dzina m'buku. Pobwera nalo adapeza ine ndili kuntchito, mkazi wanga ali kumpopi, ndipo sitima sidikira munthu. Adalisiya kwa mnansi.

Ndidakalipa. Ndidati, "Nanga bwanji simudandipatse?"

Akuti, "Ndidabwera nalo pakhomo panu. Mudanditcha chiyani? Ndiye ndidati likhale m'chitini. Tsiku limene mdala uyu adzanene 'salibonani', moni wathu wa Chindebele, ndidzampatsa. Zaka zitatu, baba. Pakamwa panu mpouma kuposa njerwa zanu."

Ndidati, "Nanga lero? Moni sindidapereke."

Akuti, "Lero si chifukwa cha inu. Ndaona mkazi wanu akumanga miphika."

Abale, ndidalandira khadilo pampanda pomwepo.

Mawa lake MaNcube adavala duku lake natsagana nane ku ofesi. Chitupa sadaope, mzungu sadamuope. Amuna awiri obatizidwa adabisala, mkazi wa mowa adaima. Mzungu adayang'ana chidindo, adayang'ana chala, adatenga cholembera. Adafafaniza Mbewe, nalemba Nkhoma. Ndidaona ndi maso anga, kuwerenga ndimadziwa. Wa jekete adayamba, "Ine sindimadziwa kuti amalume adagulitsa." Bodza. Amalume ake adafika kumudzi ndi chiyani, ndalama zanga kapena masamba? Wa jeketeyo adatuluka chipewa chili m'manja.

Tsono ndikuuzeni, inu amene mukufuna kugula nyumba muno. Iphani nkhuku, idyani, mwambo ndi wathu. Koma kukacha pitani ku ofesi ndi wogulitsayo, muone dzina lanu likulowa m'buku. Nkhuku siyankhula.

Ndidakali wokwiya. Ndakwiyira wa jekete. Ndakwiyira mboni zanga, ndipo kukhululuka ndidzakhululuka chifukwa Buku likutero, koma osati lero. Koposa onse ndakwiyira mdala wopusa amene waima pano. Ndimafunsa Mulungu kuti yankho lili kuti, pamene Iye adaliika kuseri kwa mpanda wanga vuto lisanabadwe. Chidalitsekera m'chitini ndi kunyada kwanga.

Zikomo Ambuye, ana anga agona m'nyumba mwawo. Zikomo Ambuye, miphika yabwerera pamafuwa. Zikomo chifukwa mwandichititsa manyazi, osandisiya panja.

MaNcube ndamuitana lero. Ndi uyo wakhala kukhomo uko. Amayi, ndakuonani mukusendera kutali atalowa, ngati ali ndi khate. Bwererani pomwe mudali. Za mowa wake akambirana ndi Mulungu, inu sadakutumeni.

Kondwerani nane, abale. Imirirani nonse, mboni zanga ziwiri nazonso ziime. Amayi, nthungululu zimveke mpaka ku njanji. Koma yambani mwakhala chete pang'ono, ndili ndi mawu amene ndachedwa nawo zaka zitatu.

Salibonani, mama.