Dziwe Lomwe Linali Pamwamba pa Bedi la Tadala

Moni nonse a mufelosipu, akuluakulu ndi anzanga a yufi, m'dzina la Ambuye Yesu. Ndine Yamikani, yemwe uja akadutsa pafupi mumayamba mwapapasa mpando musanakhalepo. Abusa atanena kuti mwezi uno umboni alembe wachinyamata, mayi anga anangogwira kumutu atamva kuti asankha ine. Koma nkhaniyi ndi yoona, ndipo ena mwa inu munalipo. Ndi ya denga la buloko yathu ku West Bromwich, lomwe linatsala pang'ono kugwera mlongo wanga wamng'ono, Tadala.

Ife timakhala pamwamba penipeni. Denga la bulokoyo si lamalata ngati akwathu, ndi lathyathyathya, loyalidwa chinsalu chakuda cha phula. Aliyense amene anagula fulati m'menemo ndi membala wa bungwe la eni nyumba, ndipo bungwelo linali ndi munthu wake wa denga kuyambira kale, ife tisanabwere. Ndi mzungu wina wamimba yabwino, a Gary. Ankabwera masamba akayoyoka, n'kudzabweranso chisanu chikatha. Amakwera, kusesa, kumata pang'ono, kumwa tiyi pamasitepe, basi n'kumapita. Kunena zoona, poyang'ana sizinkaoneka ngati ntchito.

M'kupita kwa nthawi manesi achimalawi anachuluka m'bulokomo, chifukwa wina akapeza fulati amaitana mnzake wa kuwodi. Pa chisankho tinapambana ndi mavoti, ndipo tcheyamani wa komiti anakhala ankolo Mbewe a pansi pathu. Ndi munthu wabwino, wolimbikira, koma akanena chinthu ndiye kuti chanenedwa. Pamsonkhano woyamba anafunsa kuti munthu wokwera denga losadontha amakakonzako chiyani. Anati iwo anakhomapo malata nyumba zambiri ku Mponela, ndipo denga likavuta amuna alipo m'buloko muno. Anthu anawomba m'manja. A Gary anauzidwa kuti asadzabwerenso.

Chaka chinatha bwinobwino. Kenako kunabwera chimphepo chija chinagwetsa mabini mumsewu wonse, ndipo chinsalu cha phula chinamatuka mbali imodzi n'kumakupiza ngati mbendera. Ankolo Mbewe ndi adadi anakwera. Anachita zimene Mmalawi aliyense amachita mphepo ikafuna kusasula denga: anatsindika ndi njerwa ndi matayala akale, omwe anakapempha kugalaja ina ku Nechells. Atatsika, anti ena anaimba nthungululu pamasitepe. Ine ndinanyamula nawo matayalawo, ndipo ndinanyadira. Dengalo linaoneka ngati la golosale ya kumudzi kwa adadi.

Choyamba chinali fungo. M'chipinda cha Tadala munayamba kununkha ngati tawulo loiwalika m'chikwama cha masewera. Mayi anachapa makatani, anatsegula mawindo, fungo osachoka. Kenako pasiling'i, pamwamba penipeni pa pilo wake, panatuluka kadontho kakuda. Sabata iliyonse kankakula, kakumera ubweya. Tadala ali ndi mphumu chibadwire, koma sinkamuvuta kwenikweni. Tsopano anayamba kupuma ngati kapito, kampope kake kopumira kali m'manja tsiku lonse, ndipo kusukulu anamubweza kangapo.

Kenako kunayamba phokoso. Mukakhala chete m'chipindamo mumamva chinthu chikulira pamwamba, pang'onopang'ono, ngati munthu wonenepa akutembenuka pamphasa. Tadala anauza mayi m'Chingerezi chake kuti m'denga muli munthu. Mayi sanayang'ane n'komwe kumwamba, anayang'ana ine. Sindingawadzudzule, chifukwa ndinabisapo kawailesi m'kabati ya mlendo wina wogona kwathu, mpaka anayamba kudzudzula ziwanda atavala phijama, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka ndekha m'kalasi. Koma ulendo uno sindinali ine. Anandilanda foni, anafufuza chipinda changa, phokoso lija likupitirira.

Pamene siling'i inayamba kufufuma, palibenso anaseka. Inatsika pakati ngati mimba ya mbuzi yoyembekezera, ndipo mng'alu woonda unayamba kuyenda kuchokera pagetsi kulowera kukhoma. Adadi anapita kwa ankolo Mbewe kukapempha kuti komiti iitane a Gary. Ankolo anayankha kuti denga sakonza mvula ili mkati, tidikire ikate, kenako amuna akwerenso. Abale, mvula ya ku Birmingham imakata liti? Kwathu mumadziwa kuti ikafika nyengo yake kumauma mpaka mwezi wa khumi. Kuno tinadikira, kumwamba kuli bii ngati bulangeti lonyowa, mvula ikugwa yosabangula, yosapuma.

Anti ena anati zimenezi n'zochokera kumudzi, achibale ansanje amva kuti tagula nyumba ku Ulaya. Anayamba kubwera kudzapemphera m'fulati mwathu Loweruka lililonse. Tadala tinamusamutsira pasofa pabalaza, koma fulati yathu ndi yaing'ono, ndipo alendo akadzaza amabwerera pabedi lake. Mayi ankabwera kuchokera kushifiti ya kuchipatala maso ali psuu, n'kuima pakhomo la chipindacho kumvetsera kapumidwe ka mwana. Tsiku lina ndinawapeza akulira kukhitchini mpope uli chotsegula kuti tisamve. Mayi anga amasamalira odwala achilendo tsiku lonse osagwetsa msozi. Apo m'pamene mantha anandigwira zenizeni.

Ine si katswiri wa mapemphero, nonse mukudziwa. Koma Lachisanu lina, ndili mu tramu, kasitima ka mumsewu kaja, pochokera kusukulu, ndinatsamira pagalasi n'kunena chamumtima kuti, Ambuye, akuluakulu atopa, ndipo ine ndilibe kanthu. Ngati pali chimene mungagwiritse ntchito mwa ine, tengani. Ndisanatsike, mutu unandiyabwa momwe umayabwira ndikaganiza chinthu chimene mayi sangakondwe nacho.

Mphatso yanga ndi kutsanzira mawu a anthu. Abusa ndimawatha, ahedi a kusukulu ndimawatha, koma ankolo Mbewe ndiye ndimawatha kuposa eni ake, mpaka kakutsokomola kamene amayambira chiganizo. Nambala ya a Gary inali ikadali pakachomata kakale pachitseko chokwerera padenga. Ndinatenga foni ya m'nyumba, ndinakhwimitsa khosi, n'kuimba. Ndinadzitchula kuti ndine tcheyamani. Ndinapepesa kuti tinawachotsa mopanda ulemu, ndinavomera kuti ndinali wouma mutu, ndinati ndakhala ndikulephera kugona chifukwa cha manyazi. Mwina ndinawonjeza mchere pang'ono, pakuti zinkandikoma. Kenako ndinafotokoza za siling'i ndi mwana wodwala.

Apo mawu a Gary anasintha. Anafunsa ngati chipindacho ndi chakumapeto, choyang'ana kokwerera basi. Nditavomera, ananena kuti mawa anali ndi ntchito ku Sparkhill koma aisuntha, chifukwa denga limenelo amalidziwa ndipo sakukonda zimene akumva.

Loweruka m'mawa vani yawo inaima panja, mvula ikugwabe. Azimayi a mapemphero anali akukwera masitepe, ndipo ankolo Mbewe anatuluka kudzaona kuti makwerero akulowa ndi a yani. Ine ndinabisala pakona. A Gary anawagwira dzanja ndi manja onse awiri, n'kunena mokweza kuti pantchito yawo yonse sanamvepo munthu akupepesa mochokera pansi pamtima chonchija, ndipo ndi mwamuna weniweni yekha angatero. Azimayi anayang'ana ankolo ndi maso aulemu. Wina anati ameni. Ankolo anatsegula pakamwa, anatsekanso, kenako anatsokomola n'kunena kuti mtsogoleri amayenera kudzichepetsa.

Ndinakwera nawo mpaka pachitseko cha padenga. Chimene ndinaona sindidzaiwala. Panalibe denga, panali dziwe lakuda, matayala akungoonekera misana ngati ng'ona. A Gary sanafufuze n'komwe. Analowa m'madzimo molunjika pakona ina, anapisa mkono, n'kukoka njerwa yomwe inakhala ndendende pabowo lotulukira madzi, masamba owola atamatirira mozungulira. Anati bowo limenelo ndi lokhalo mbali imeneyo, n'chifukwa chake ankalisesa chaka chilichonse. Anatinso mtanda wa pansi pake ndi wofooka kuyambira kale, ndipo ankauyang'anira. Kenako anafunsa ngati m'chipinda cha pansipo muli munthu.

Tadala anali momwemo. Pabalaza panadzaza anthu oimba, ndiye mayi anamugoneka pabedi lake.

Sindinaonepo munthu wamimba akutsika masitepe mwachangu chotero. Analowa m'fulati nsapato zili matope, anadutsa pakati pa nyimbo, n'kuuza adadi mawu ochepa: "Chotsani mwanayo. Tsopano." Adadi anamunyamula ndi bulangeti lomwe. A Gary anaitanitsa ndowa ndi mapoto onse, anaboola kabowo m'mbali mwa chotupa chija kuti madzi atsike mwaulemu. Madziwo anatuluka akuda, onunkha, ndowa kudzaza ina n'kulowa. Tili mkati motunga, siling'i inalira kulira kuja tinakuzolowera, koma mokweza, ndipo chibenthu chachikulu chonyowa chinamatuka n'kugwera pa pilo pomwe panali mutu wa Tadala. Bedi linathyoka mwendo. Nyimbo inatha yokha. Mayi anakhala pansi pakhonde, mwana ali pamiyendo.

Matayala onse anatsitsa ndi ankolo Mbewe okha, osalola wina kuwathandiza. Pamsonkhano wotsatira iwo omwe ndi amene anapempha kuti a Gary abwerere monga kale, azibwera nyengo zawo denga lidonthe lisadonthe. Palibe anatsutsa. Mmisiri wachilendo akanati tidikire sabata zingapo, n'kudzayamba kufufuza kuti bowo lili pati. A Gary anabwera m'mawa mwake nditangowaimbira chifukwa dengalo ndi lawo ngati mmene wodwala amakhalira wa nesi amene wamusamalira nthawi yaitali. Anasintha mtanda uja, anayala chinsalu chatsopano, chipinda chinauma, ndipo kapito kanachoka m'chifuwa cha Tadala.

Mayi atadziwa za foni ija anati ndi bodza ndithu ndipo ndilape. Ndinawauza kuti ndikuganizirabe. Ankolo Mbewe sananene kanthu pagulu, ndipo andilola kulemba zimenezi pokhapokha ndinene kuti nawonso anali atatsala pang'ono kuwaimbira foni a Gary. Ndanena. Koma tsiku lina anandikumana pamasitepe tili awiri, anandigwira khutu, n'kuyankhula motsitsa: "Iwe Yamikani, ulendo wina ukamandiyankhulira, usamapepese kwambiri choncho. Mzungu uja akandiona amafuna kundikumbatira."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mu tramu, la munthu amene ngakhale aphunzitsi a Sande sukulu anamutaya. Ndikuthokoza a Gary, adadi, ndi azimayi amene anatunga madzi ndi mapoto athu tsiku lija. Inu amene chinthu chikukulirani pamutu panopa, kaya ndi matenda kaya ndi mapepala, musaleke kupemphera, koma mukamva chikulira musadikire kuti mvula ikate. Itanani amene amachidziwa. Tadala anabwerera m'chipinda chake, ndipo masiku ano amagona chagada, pakamwa pali yasa, mayi osaimanso pakhomo. Ambuye alemekezeke. Ameni.