Kapu ya Khofi ya a Salameh pa Maliro a Abu Nayef

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1947 konkuno ku Karak. Dzina lawo ndi a Mifleh Awwad, koma tonse tinkawatchula Abu Nayef, kutanthauza bambo a Nayef. Ine ndine mng'ono wawo. Ndikuona kuti inu a Salameh ndi abale anu mwaika makapu pansi osamwa khofi, kusonyeza kuti mwabwera ndi mlandu. Dekhani, ndifikako.

Atamaliza sukulu mu 1965, anapita ku Amman kukaphunzira kujambula zithunzi. Mu 1970 anatsegula shopu yawo pafupi ndi msika, ndipo mu 1972 anakwatira mayi Fidda. Anaphunzitsa achinyamata ambirimbiri kugwira kamera ndi kutsuka zithunzi. Analitu aukali pophunzitsa! Ukadula munthu mapazi pachithunzi, unkabwereza mpaka dzuwa kulowa.

Tsono nkhani imene yatiumitsa pakamwa lero ndi iyi. Chaka chatha a Salameh anapeza chithunzi cha malemu mayi awo atavula mpango, kumbuyo kwake kuli chidindo cha shopu ya achimwene. Kuyambira pamenepo akhala akunena kuti achimwene ankaona tsitsi la akazi a eni, ndiye mafilimu onse awotchedwe. Mawu amenewa anatipweteka kwabasi. Achimwene anangoti chete, ngakhale pamene matenda a shuga anawagoneka mpaka kutisiya pa 4 Novembala 2019.

Lero alamu anga andilola kuti ndiulule. Wophunzira woyamba wa malemu anali mayi Fidda. Mkazi aliyense akabwera, achimwene ankatchera kamera, n'kutuluka kukakhala pakhomo, kaya kuzizire bwanji. Kuseri kwa katani wojambula anali mayi Fidda, otsukanso anali iwo omwe. Alongo awo a mayiwa analumbira kuti akadzangomva zoti mlongo wawo akugwira ntchito kumsika, adzamuchotsa pabanja. N'chifukwa chake achimwene anasenza chitonzo kuti asataye mkazi. Amayi a m'tauni muno ankadziwa, koma anasunga pakamwa. Ndiye muzinenanso kuti akazi sasunga chinsinsi!

Malemu asiya mayi Fidda, ana atatu, a Nayef, a Rasmiya ndi a Tamam, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, ophunzira awo amene ananyamula thupi, ndi nonse mwabwera kudzatipepesa.

A Salameh, mafilimuwo ali m'manja mwa alamu anga, ndipo adzapereka okha filimu iliyonse kwa mwini wake kapena kwa mwana wake wamkazi. Mukakakamira zowotcha, dziwani kuti mulinso chithunzi cha mayi anu atakunyamulani muli khanda, akuseka. Sichinatsukidwepo. Khofi wanuyo wazizira, bambo, tolani kapu.

Mulungu awachitire chifundo achimwene anga, mzimu wawo uuse mumtendere.