Bambo Matiyasi Shawa, Okumba Chitsime cha pa Msekeni

Malemu anabadwa pa mudzi wa Kazimbi, kufupi ndi Mtenguleni, m'chaka cha 1897, mvula itangoyamba. Tsiku lenileni silinalembedwe. Asanayambe n'kukwawa komwe, nkhondo ya azungu ndi Angoni inabalalitsa mudzi, ndipo amayi awo anawabereka kumbuyo n'kukabisala nawo kumapiri. Anali achitatu mwa ana asanu a bambo Shawa ndi aNamiti. Ine amene ndikuwerenga ndine Yosefina, mwana wawo wachiwiri. Amalume andipatsa ine pepalali chifukwa makalata amene muwamve m'mbiri muno ndinalemba ndi dzanja langa. Mawu akandithawa, akuluakulu, mundikhululukire.

M'chaka cha 1908 anayamba sukulu ya kumishoni. Anaphunzira zaka zitatu, anabatizidwa dzina la Matiyasi, kenaka anabwerera ku ng'ombe za bambo awo. Mu 1916 anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, ndipo anabwerako ali mafupa okhaokha. Ankanena kuti pa ulendo umenewo anzawo ambiri sanaphedwe ndi chipolopolo koma ndi madzi amene ankamwa m'njira. Nkhani imeneyi sinawachoke m'mutu moyo wawo wonse.

Pa 12 Juni 1921 anakwatira amayi athu, a Dolika Ngoma, ukwati wa mumpingo. Chaka chotsatira anapita ku migodi ya ku Halale, kumene anaphunzira kukumba pansi ndi kuchirikiza dothi kuti lisagumukire munthu. Anabwerako mu 1930.

Mu 1932 ofesi ya mafumu, imene boma linali litangoipatsa mphamvu yoyang'anira zitsime, misewu ya m'midzi ndi ukhondo, inawalemba ntchito. Anakhala kapitao wa okumba zitsime. Madzi ankawadziwa ndi mitengo: akaona pamene pamera mkuyu kapena katope, ankaima nthawi yaitali, n'kukanda pansi ndi chidendene, n'kuloza. Anakumba zitsime makumi anayi ndi chimodzi, ndipo palibe chimene chinagwera munthu. Anali ndi mwambo wawo umene ambiri a inu mukuudziwa. Chitsime chikatha, chikho choyamba ankamwa iwo, anthu onse akuona, ndipo sankalola mayi aliyense kuponyamo ndowa mpaka iwo atagona n'kudzuka bwinobwino. Ankati wokumba chitsime amene saamwa madzi ake wakumba manda.

Mu Ogasiti 1941 boma linatisamutsa kwathu, kumene nthaka inali itatheratu, n'kutipatsa malo ano a Msekeni, kuno kwa Chiparamba. Sitikana, linatichitira zabwino: minda, sukulu ya udzu ija, ndi disipensale ya pamsewu. Mu 1942 malemu anakumba chitsime cha mudzi uno m'munsi mwa chitunda, anachimanga ndi mikombero ya simenti, ndipo ankati mwa zonse chimenechi ndicho mwana wawo wokondedwa. Popeza chinali cha pakhomo, m'mawa uliwonse ankadzuka n'kukamwa chikho choyamba amayi asanayambe kutunga. Mu 1943 kamwazi atapha ana m'midzi yozungulira, ofesi ya mafumu inaika lamulo lakuti aliyense wopezeka akutunga m'timaenje ta kudambo kapena kumtsinje apite kukhoti, ndipo timaenjeto tinakwiriridwa. Lamulolo linali labwino. Kamwazi anatha. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unatsala ndi malo amodzi okha omwera.

M'chaka cha 1944 kunabwera anthu ena a boma, a zoweta, chifukwa ng'ombe zinali kufa ndi matenda a nkhupakupa. Anabwera ndi lamulo lawonso: ng'ombe iliyonse izilowa m'dibi. Dibi anaimanga pamwamba pa chitunda, mapazi makumi asanu ndi limodzi kuchokera pa chitsime, kuti madzi odzazira akhale pafupi. Malemu anapita kwa omangawo, chipewa chili m'manja, n'kuwafotokozera kuti madzi a pansi amatsetsereka monga a pamwamba, ndipo chimene chatayidwa pachitunda chimakatulukira kumunsi. Anawayankha kuti chikhomo chinakhomedwa ndi bwana ali ndi mapu m'manja, ndipo kapitao wa zitsime alibe mawu pa nkhani ya ng'ombe.

Mvula ya chaka chimenecho itagwa, a zoweta aja anataya mankhwala akale a m'dibi m'ngalande ija imene ana amadumpha popita kusukulu. Pasanathe mwezi, achule amene ankalira m'mbali mwa chitsime anakhala chete. Udzu wa m'ngalande unapsa ngati wathiridwa madzi otentha. Nkhuku za a Elesi, oyandikana nafe, zinafa tsiku limodzi zitamwa pa chithaphwi cha pamenepo. Madzi a m'chitsime anali oyera mbee monga kale, osanunkha, osawawa. N'chifukwa chake palibe anachita mantha, kupatula malemu.

Pa 5 Marichi 1945 anandikhazika pansi kuti ndilembe kalata yopita ku ofesi ya mafumu. Yankho linabwera lakuti dibi ndi ya boma la ku Fort Jameson, iwo sangaikhudze. Pa 20 Meyi tinalembera ku Fort Jameson. Yankho linali lakuti chitsime ndi cha mafumu, iwo sangachikhudze. Mu Julayi malemu anadzaza madzi m'botolo, anatseka ndi chitsononkho, n'kuyenda nalo wapansi mpaka kutauni. Analandiridwa bwino, anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti botolo lipita ku Lusaka kukapimidwa. Papita zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Tinalembanso makalata ena anayi. Makope ake ndili nawo pano, m'kathumba aka. Sindikunena kuti m'maofesi amenewo muli anthu oipa mtima. Aliyense anagwira ntchito yake ndi lamulo lake. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo wathuyu anakhala pakati pa mikhate iwiri.

Tsopano ndinene chimene chikutipweteka ife a banja, pakuti malemu anatilamula kuti tisachibise. Kuyambira 1945 anatiletsa ife a m'nyumba mwawo kumwa madzi a chitsimecho. Tinkayenda mtunda wa maola awiri kukatunga kumtsinje, mitsuko titaiphimba ndi nkhuni kuti mesenjala wa ofesi ya mafumu asaone. Anachenjezanso mudzi, kawiri pabwalo, kamodzi kutchalitchi. Koma iwo eni sanasiye chikho chawo cha m'mawa. Amayi anawagwira miyendo, ife tinalira, koma iwo osamva. Ankati sangasiye ana a anzawo akumwa chimene iwo anakumba, iwo n'kumamwa kwina. Ngati muli imfa m'menemo, iyambe yawapeza iwo, ndipo mwina boma likaona thupi lawo lidzakhulupirira chimene linakana kukhulupirira papepala. Sanadziwe kuti inu mukuwaona. Amayi a m'mudzi muno ankati akaona kapitao akumwa, mtima unkakhala pansi, n'kumati madzi amene mwini wake akumwa sangakhale oipa. Chikho chimene ankamwa pofuna kukutetezani ndicho chinakusungani pa chitsimepo. Anazindikira zimenezi mochedwa, a Elesi atawauza pamaliro a mwana wawo wamng'ono mu Epulo chaka chino. Tsiku limenelo anabwera kunyumba, anaswa chikhocho pamwala, ndipo sanadye masiku awiri.

Matenda anawayamba mu 1946. Khungu linada mawangamawanga. Zikhatho zinauma n'kulimba ngati chikopa cha ng'ombe, mapazi anachita dzanzi moti ankaponda minga osamva. M'mimba simunkakhala chakudya. Ku disipensale anawapatsa mankhwala amene anali nawo. Pa 22 Seputembala 1947 tinawanyamula pa ngolo kupita nawo kuchipatala cha m'tauni. Adokotala atayang'ana zikhatho zawo, funso loyamba linali lakuti kodi bambowa amagwira ntchito pa dibi. Titanena kuti ayi, anangolemba. Anatiuza kuti tabwera mochedwa. Malemu anapempha kuti akafere kwawo, ndipo anatisiya dzulo, Lachiwiri pa 14 Okutobala, dzuwa litapendeka, atalandira masakramenti.

Akuluakulu, ine ndine mayi wa mwana wa miyezi isanu ndi iwiri. M'mawa uliwonse ndimamutambasula tizikhatho n'kutiyang'ana pa dzuwa. Chizolowezi chimenechi chandilowa moti dzulo ndi lero, pamene mumatipatsa moni wa chisoni, ndimayang'ana m'manja mwanu. Sinditchula dzina la munthu. Ndawerenga asanu ndi awiri amene zikhatho zawo zayamba kuuma, ndipo atatu mwa iwo ndi ana a sukulu. Taonaninso kumwambako. Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo mvula ikangogwa adzatayanso dibi.

Mawu otsiriza a malemu anali okhudza chitsimecho. Anapempha kuti tikawaika m'manda, adzukulu a kumanda asatsuke makasu, ndipo aliyense wowakonda atole mwala umodzi pobwerera, woti akaponye m'chitsimemo. Tikudziwa kuti kukwirira chitsime cha mafumu ndi mlandu, kutunga kudambo ndi mlandunso. Sitikukakamiza munthu. Tikuona kuti a mesenjala ali nafe, akhala pansi pa mtengo wa mango apo, ndipo tikuwathokoza pobwera kudzalira nafe. Kuti asavutike ndi kufunsafunsa: mwala woyamba aponya ndi amayi, a Dolika Ngoma. Wachiwiri ndiponya ine, Yosefina Shawa. Alembe bwino maina amenewa. Mwina kukhoti adzatifunsa chifukwa chake, ndipo kumeneko makalata aja adzawerengedwa.

Malemu asiya mkazi wawo, ana anayi, Bonifasi amene ali ku migodi ndipo uthenga sunamupeze, ine, Alfonsi ndi Anna, adzukulu asanu ndi mmodzi, ndi mlongo wawo mmodzi ku Kazimbi.

Tikuthokoza akatekisi ndi a mpingo, a Soko amene anatibwereka ngolo ndi ng'ombe zawo, anzawo okumba zitsime amene abwera wapansi kuchokera kutali n'kukumba manda ndi manja awo, ndi amayi onse amene kuyambira dzulo akhala akusenza mitsuko kuchokera kumtsinje. Madzi amene mwamwa pano, amene aphikira, ndi amene musambe m'manja pochokera kumanda, onse ndi a kumtsinje. Ndinaima pakhomo n'kuona mtsuko uliwonse ukulowa.

Bambo athu anatikumbira maenje makumi anayi ndi limodzi kuti tikhale ndi moyo. Lero tikwirira awiri. Mulungu awalandire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.