Mwala wa m'chikwama cha doña Otilia

Ine, Nélida Cusihuamán Ttito, wazaka 47, wa ku San Jerónimo mumzinda wa Cusco, ndimagwira ntchito yotsogolera alendo okaona malo akale, ndipo ndaigwira zaka 19. Ndikupereka umboni pa nkhani ya doña Otilia Barreda, a zaka 74, a ku Mollendo m'mphepete mwa nyanja, amene asungidwa m'chipinda chinacho powaganizira kuti amaba mwala pa khoma la kachisi kuno ku Ollantaytambo. A Sajeni Loayza, amene akulemba izi, andichenjeza kuti ndinene zokhazo zimene ndinaona, ndisachite ngati ndili ndi maikolofoni m'basi. Ndiyesetsa.

Lolemba pa 12 Meyi, 8 koloko m'mawa, ndinalandira alendo 16 pa hotela ku Cusco. Ulendo unali wa masiku anayi. Onse anali a dziko lathu lomwe lino, ambiri opuma pa ntchito ochokera ku Lima. Doña Otilia analibe mnzawo. Ena onse anabwera pa ndege, koma iwo anabwera pa basi kudzera ku Arequipa. Nditawafunsa chifukwa chake anati ku bwalo la ndege amasecha kwambiri. Ndinaseka poyesa nthabwala, iwo sanaseke.

Anali ndi chikwama chachikopa chofiirira, chokoleka paphewa. Pokwera basi, dalaivala wathu Wenceslao anachigwira kuti awathandize, mkono wake n'kutsika nacho. Anati, "Mamita," mmene timaitanira amayi achikulire kuno, "mwanyamulamo apongozi anu?" Iwo anati, "Apongozi anga sakanalola kunyamulidwa, mwanangu." Anachilandira n'kuchiika pamiyendo. Sanalole kuti chipite kumbuyo kwa katundu.

Hafu pasiti 9 tinalowa m'kachisi wa dzuwa, ku Qorikancha. Alendo ndimawadziwa: amayang'ana m'mwamba, amajambula, amafunsa kumene kunapita golide. Doña Otilia amayang'ana m'munsi, cha m'mawondo. Ndinawaona akutulutsa kachidutswa ka katoni m'thumba la juzi, kodulidwa makona 7, kokula ngati manja awiri ophatikiza. Anakayandikitsa kukhoma osalikhudza, n'kupukusa mutu, n'kukabweza. Anachita zimenezi kanayi.

Masana tinadutsa m'kanjira ka khoma la nyumba yachifumu, pamene pali mwala wotchuka wa makona 12. Anthu 15 anaima pamzere kudikira chithunzi. Wa nambala 16 anayenda khoma lonse yekha, mamita ngati 60, atawerama. Atabwerera anandifunsa kuti, "Mwanangu, pakhoma pano palibe pamene panachoka mwala?" Ndinawayankha kuti makoma a Ainka, mafumu akale a kuno, ngakhale lezala sililowa. Anati, "Sindinafunse za lezala." Pa zaka zonse za ntchito yangayi palibe anandifunsapo za mwala umene palibe, ndiye funsolo ndinapita nalo kunyumba.

Lachiwiri tinali ku Sacsayhuamán. Doña Otilia ndi munthu wa kunyanja, mpweya wa kumapiri kuno unawaperewera, milomo inachita kuda. Ndinawapatsa tiyi wa masamba a koka, amene kuno timamwetsa operewera mpweya, n'kupempha kuti ndiwanyamulire chikwama. Anakana. Koma cha m'ma 11 koloko anafuna kupita kuchimbudzi, ndipo poti pansi pake m'menemo panali ponyowa, anandisiyira chikwamacho kwa mphindi zisanu. Apa a Sajeni alembe bwinobwino, ngakhale zikundichititsa manyazi. Sindinachitsegule, koma ndinachipapasa. Munali chinthu chimodzi cholimba, chamakona, chokulungidwa m'nsalu, cholemera makilogalamu anayi kapena kuposerapo. Limenelo linali Lachiwiri, tili pa mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera kuno.

Nditamuuza Wenceslao, iye anati ndi fano la woyera mtima wina. Ine ndinati ndi bokosi la phulusa la amuna awo, poti alendo otere ndinakumanapo nawo. Iye anati phulusa silikhala ndi makona. Tinatsutsana mpaka basi kufika pa hotela.

Lachitatu tinapita ku Pisac. Katoni uja anatulukanso, katatu. Pa chakudya cha masana ndinakhala nawo pafupi dala. Tinkadya chimanga chophika ndi tchizi. Anandiuza kuti amuna awo, don Fortunato, anali mmisiri wa miyala, ndipo ali mnyamata anagwirapo ntchito m'magulu okonza makoma akale a kuno asanasamukire kunyanja. Anamwalira mu Ogasiti chaka chatha. Ndinafunsa ngati anawauzapo makoma amene anakonza. Yankho lawo ndikulikumbukira bwino: "Zaka 53 ndimati ndimufunsa mawa." Ndinafunsanso za katoni. Anati, "Ine ndikamadya sindiyankha mafunso." Anamaliza chimanga chawo, n'kutenganso theka la changa.

Lero Lachinayi pa 15 Meyi tinafika kuno 10 koloko itangodutsa. Ndinawauza doña Otilia kuti masitepe okwera kukachisi ndi oposa 200, ndi bwino atidikire m'munsi pamthunzi. Anati analipira ulendo wa akachisi, osati wa mithunzi. Anakwera pang'onopang'ono, chikwama paphewa, ndipo anatipeza pamwamba patatha mphindi 40.

Mphindi 5 itakwana 11 koloko ndinali kufotokozera gulu za miyala ikuluikulu isanu ndi umodzi ya pakachisipo, nditawafulatira. Ndinamva wezulo wa mlonda. Nditacheuka ndinaona doña Otilia pa mtunda wa mamita ngati 15, atadumpha chingwe chotchingira alendo, atagwada m'munsi mwa khoma. Anagwira mwala ndi manja onse awiri, theka lake lili m'kati mwa mpata wa pakhomapo. Sindinaone ngati amaukoka kapena amaukankha, ndipo sindinganame kuti ndinaona. Chimene ndinaona ndi thawulo loyera lili pansi, katoni uja ali pambali pake, ndi chikwama chili chotsegula. Ndinachinyamula. Munali mpango, mankhwala ndi chiphaso chawo basi, chinali chopepuka.

Mlonda anafika akuthamanga. Anati, "Señora, siyani mwalawo." Iwo anati, "Ndiye ndikuusiyatu, mwanangu. Ukundiletsa ndiwe." Mlondayo anagwira ntchito yake, ndilibe naye chifukwa. Anautenga mwalawo n'kuimbira foni kupolisi. Ndinaona kuti mwalawo sunakwane bwino pampatapo, m'mbali munkatsala malo olowa chala.

Gulu ndinalisiya m'manja mwa wotsogolera mnzanga, ine n'kutsika nawo. Tikudikira apolisi pa benchi la pageti, anandiuza nkhani yonse osawafunsa. Anati m'chaka cha 1971 Fortunato anafika ku Mollendo ndi mwalawo ataukulunga m'malaya. Analibe ndalama ya mphete. Anawauza kuti wauzula pa khoma la kachisi wa Ainka chifukwa cha iwo, ndipo akagwidwa nawo ndi ndende. Doña Otilia anati, "Afunsiri ndinali nawo atatu, mmodzi anali ndi boti lakelake. Koma wobera mafumu chifukwa cha ine anali mmodzi yekha." Anausunga pansi pa zovala m'kabati zaka zonsezi. Ana awo sakuudziwa, ngakhale wansembe sanamuuzepo. Amuna awo atamwalira anaganiza kuti nawonso satenga nthawi, ndipo sakufuna akafike kumeneko ndi katundu wakuba. Vuto linali loti sankadziwa kachisi wake. Ndiye anadula katoni molingana ndi nkhope ya mwalawo, n'kugula ulendo umene umadutsa akachisi ambiri kuposa ina yonse.

Ndinawauza kuti akanena zimenezi kupolisi ndiye kuti avomera okha kuti amasunga chinthu chakale chobedwa, ndipo umenewo ndi mlandu. Anati akudziwa, anawerenga.

A Sajeni Loayza anafika 12 koloko. Patapita mphindi 20 ndinaona don Serapio Auccapuma akutsika kukadya. Ameneyu ndi mkulu wa amisiri amene akukonza khoma la cha kumanzere kuja, ndamudziwa chiyambire ntchito yanga. Ndinamuitana. Kunena zoona, sindinamuitanire kuti apulumutse munthu. Ndinkangofuna kudziwa kuti mwalawo unachoka pati, poti masiku anayi onse nkhaniyi imandiyabwa.

Don Serapio anaulandira mwalawo pamaso pa a Sajeni ndi mlonda. Anayamba wanena kuti mpata wa pakhoma uja ndi wopanda kanthu chiyambire iye ntchito, ndiponso mtundu wa miyala yake ndi wosiyana. Kenako anautembenuza, n'kuthirapo madzi a m'botolo lake, n'kuyendetsapo chala chachikulu. Anatiitana kuti tione. Kumbuyo kwake kunali timizere tating'ono towongoka, tondondozana. Anati, "Ichi ndi chitsulo chosemera. Ainka analibe chitsulo chotere, ankaswa mwala ndi mwala unzake." Anaununkhiza, anayang'ana m'makona monse, kenako anati, "Mwala uwu sunalowepo m'khoma lililonse. Ine ndine wamkulu kuposa mwalawu."

A Sajeni anapumira m'mwamba. Anati, "Mamita, ndiye zatha bwino. Ngati si wakale, palibe mlandu. Mungosaina kuti mwamva, muzikakwera basi yanu."

Doña Otilia anaimirira. Anati, "Fortunato sanali wabodza. Lembani kuti anali wakuba, ndisaina pompano. Koma wabodza ayi." A Sajeni anawafotokozera kawiri kuti akaumirira kuti mwalawo ndi wa kachisi, lamulo siliwalola kuwamasula, nkhani ipita ku Cusco ndipo agona m'chitokosi. Iwo anati kuli bwino akagone m'chitokosi. Ndinawanyengerera ndi mawu onse amene ndimadziwa, ine amene ndimadyera pakamwa, koma sanandiyang'ane n'komwe. Ndinachita mantha, poti munthu wa zaka 74 amene mpweya ukumuperewera sangagone pa simenti ya kuno m'mwezi uno. Ndinadziimbanso mlandu, chifukwa amene anaitana don Serapio ndine. Tinafika pano pa polisi 1 koloko.

Cha m'ma 2 koloko don Serapio anabwera kudzapereka umboni wake. Ine ndinali pa benchi la m'khonde, chitseko cha chipinda chinali chotsegula, ndipo zonse ndinazimva. Doña Otilia ndiwo anayamba kumulankhula. Anati, "Inu a mmisiri, ngati sanauseme Ainka, anausema ndani?"

Don Serapio anati dzina sangalidziwe, koma dzanja akuliona. Anauika mwalawo patebulo, nkhope yake kumwamba. Anati kumbuyo kokha ndi kumene kunapita chitsulo, mwina munthuyo nthawi inamuthera. Koma nkhope yonse ndi makona onse 7 anazigogoda ndi mwala wa kumtsinje, pang'onopang'ono, monga ankachitira akale. Anati n'chifukwa chake mlonda ananamizika, ndipo iyenso akanapanda kuutembenuza akananamizika.

Doña Otilia anafunsa kuti, "Masiku angati?"

Iye anati, "Ine, ndi zaka 50 zanga pa ntchitoyi, miyezi itatu. Mnyamata wongophunzira, wogogoda akaweruka, theka la chaka kapena kuposa. Ndipo zikhadabo zimachoka, señora. Si kamodzi."

Iwo anati, "Anabwera zala zitamangidwa nsanza. Anati linamupana khoma pozula."

Don Serapio anavula chipewa n'kuchigwira m'manja.

Doña Otilia anasendera pafupi ndi tebulo. Anaika dzanja pa mwalawo n'kumayendetsa chala kona ndi kona. Atafika pa kona yomaliza ananena mawu amodzi, motsitsa: "Wabodza." Anapukuta m'maso ndi mpango, koma pakamwa ankaseka. Kenako anatembenukira kwa a Sajeni n'kunena kuti, "Bweretsani pepala lanu lija ndisaine. Ndipo ngati mwalawu si wa mafumu, si wa bomanso. Ndi wanga, ndikuufuna."

Anasaina 20 pasiti 2. A Sajeni awauza kuti ndi omasuka, koma mwalawo unalembedwa kale m'buku ngati umboni, wamatidwa kapepala ka nambala, ndipo sungatuluke mpaka mkulu wa polisi ino abwere kudzavomereza. Akuti mwina afika lero, mwina mawa. Basi yathu imayenera kunyamuka 4 koloko kubwerera ku Cusco. Doña Otilia akhalabe pampando womwe uja, chikwama chopanda kanthu chili pamiyendo, ndipo anena kuti sakwera popanda mwala wawo. Ndakafunsa alendo ena 15 aja, palibe amene wati tiwasiye. Ndamuuza Wenceslao kuti azimitse injini.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, zowonjezera ndilibe. Andiwerengera ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Nélida Cusihuamán Ttito ____________________

Wolemba umboni: Sajeni E. Loayza ____________________