Foni ya a Derrick Isachapidwe

Malemu a Derrick Njobvu anabadwa pa 9 Ogasiti 1979 kuno ku Kabwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Makandanyama. Tsikuli sindinachite kufunsa kwa munthu, pakuti amene anawabereka ndine, Philomena Daka, mkazi wa malemu a Samuel Njobvu a ku Katete, amene ankagwira ntchito kumgodi. Ndikudziwa kuti mayi sawerenga mbiri ya mwana wake. Inali ntchito ya alongo anga a January Daka, amalume a malemu. Koma iwo afika Lachitatu, ndipo chaka chomaliza cha mwanayu sanachione. Ine ndinachiona. Bambo mfumu, akuluakulu, ndi inu nonse mwabwera kudzatiperekeza, mundipirire. Sukulu ndinalekera giredi 3, ndiye ndiwerenga pang'onopang'ono.

Malemu anabatizidwa mu Disembala chaka chomwecho, ndipo anayamba sukulu mu 1986. Anali mwana wovuta kumutuma. Ukawatuma palafini, unkawapeza ataima panjira, akuwerenga kachidutswa ka nyuzipepala kokulungira mtedza. Mu 1994 mgodi unatsekedwa, mu 1997 abambo awo anatisiya. Ndinawaphunzitsa ndi tomato ndi kapenta wa kumsika mpaka anamaliza giredi 12 mu 1998.

Mu 2001 analembedwa ntchito kunjanji, yokonza mabuleki a mabogi, ndipo anakakhala ku komboni ya Railways. Ntchitoyi anaigwira zaka 22. Pa 14 Okutobala 2006 anamanga ukwati woyera ndi a Nosiku Mubita a ku Mongu. Poyamba ndinakana, chifukwa chilankhulo chawo sindinkachimva. Ndinalakwa, ndipo ndanena pamaso panu. Mulungu anawapatsa ana awiri, Natalie mu 2008 ndi Tracy mu 2013.

Mu 2016 anawapeza ndi matenda a shuga. Mu 2023 maso anayamba kuchita chifunga, ndipo mu Novembala anapuma ntchito. Miyezi itatu yotsatira anangokhala pampando kuyang'ana khoma. Ukawafunsa za nshima, ayi. Ukawauza kuti anzawo abwera, akuti ukawauze kuti agona. Amake Natalie amagwira ntchito musitolo m'tauni, choncho ine ndinkasiyira mnzanga benchi langa m'mawa uliwonse kuti ndikakhale nawo. Ndinkabisa mankhwala pamwamba pa kabati. Simukufunika kundifunsa chifukwa chake.

Pa 1 Malichi 2024 anatuma Natalie kukagula kope, ndi kumuuza alembe pamwamba kuti atate ake awerenga mabuku 24 pa miyezi khumi ndi iwiri. Ine ndinati munthu wosaona ndi mabuku ziyenderana bwanji? Mabuku awiri oyamba anali a pepala, ndipo anawawerenga ndi galasi lokulitsa zilembo, mphuno itagunda patsamba, misozi ikutsika. Pofika mu Meyi zilembo zinatheratu. Ndi pamene amake Natalie anawaikira m'foni mabuku omvera, aja oti munthu wina anawerenga kale, iwe ungotchera khutu.

Ndisaname, zinkandinyansa. Kuyambira m'mawa mzungu wamkazi akulankhula za m'mphuno, ine osamvapo kanthu. Tsiku lina ndinawauza kuti sindinasiye tomato wanga akuola kuti ndidzamvere phokoso. Anazimitsa, nati ndikhale pansi andiuze m'chathu zomwe mzunguyo akunena. Kuyambira tsikulo zinakhala choncho: amvere chigawo chimodzi, azimitse, andifotokozere ine.

Kope lija ndili nalo pano. Mukuona kuti lapsa m'mphepete, ndipo za kupsako ndinena. Buku lachitatu linali la munthu wonyamula mchere pa ngamila m'chipululu. Anayenda masiku makumi anayi n'kukagulitsa mchere wonse kwa woyamba kumufunsa mtengo. Ndinati ameneyu ndi chitsiru, mtengo woyamba savomera. Malemu anaseka mpaka kutsamwa, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuseka chisiyireni ntchito. Lachinayi linali la njuchi. Sindinkadziwa kuti mumng'oma zogwira ntchito zonse n'zazikazi, koma sindinadabwe. Masamba a Juni ndi Julayi ndi amene apsa, choncho ndinena za m'mutu. Munali la nkhondo yakalekale, lomwe tinalisiya pakati chifukwa mayina anachuluka ndipo onse ankangofa. Malemu anauza Natalie kuti asaliwerengere. Munali la chikondi, lomwe ndinawaletsa kundifotokozera Tracy ali pafupi. Munalinso la momwe munthu angalemerere. Ndinati wolembayo abwere akhale pa benchi langa sabata imodzi nthawi ya mvula, tione.

Mukukumbukira mmene magetsi ankavutira chaka chatha. Foni ikatha moto, malemu ankakhala ngati mwana womulanda bere. Ndinkainyamula ndekha kupita nayo kwa wometa tsitsi wa ku Kamushanga amene ali ndi sola, n'kukhala pomwepo kuilondera mpaka idzaze.

Mu Ogasiti mnzanga wa kumsika anadwala, ndipo masiku ena sindinkatha kupita ku Railways. Malemu anati ndisaphonye nkhani. Anayamba kudzijambula mawu pafoni pomwepo, akufotokoza chigawo chilichonse ngati ndili pamaso pawo. Ndikapita, Natalie ankanditsegulira, ndimvere ndikusenda mbatata. Muli malo ena amene amati, apa amayi mukalipa, ndipo zoona ndinkakalipa. Zojambulazo zinafika makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu.

Mu Novembala adokotala anati impso zayamba kufooka. Malemu anali pa buku la 14. Sanandifunse za impso, anandifunsa kuti yatsala miyezi ingati kuti chaka chikwane. Anayamba kuthamangitsa mawu a m'foni, mzungu uja n'kumalankhula ngati bakha. Anayambanso kusankha mabuku aafupi okhaokha. Ndinawauza kuti kumeneko n'kuba, ngati aja ogulitsa nyemba amene amabenda chitini pansi. Anati amayi, ndikuopa. Ine ndinayesa akuopa kufa. Anati akuopa kuti ana awo adzakumbukira atate ongoyang'ana khoma, ndiye akufuna m'kopemo mukhale chinthu chomwe anamaliza. Ndinati ngati zili choncho amalize zenizeni, osati zobenda. Anabwerera ku mabuku aatali. Mwina ndi ine ndinawalepheretsa kufika pa 24. Ndakhala ndikuziganiza zimenezi kuyambira Lachiwiri.

Buku la 19 linali la mayi wogulitsa nsomba amene bwato la mwamuna wake silinabwere, ndipo iye anabwereka bwato lina n'kupita yekha kukalifuna. Mayi ameneyu ndinamukonda, sankalira pagulu. Zitatsala zigawo zitatu, pa 10 Febuluwale chaka chino, malemu anagonekedwa kuchipatala. Loweruka pa 15 anamvera mpaka kumapeto ndi mahedifoni. Masana anatiuza tonse tituluke, atseke makatani, ndipo anajambula mawu pafupifupi ola lathunthu. Nditalowa anandigwira dzanja nati: "Amayi, mapeto ndakuikirani, pamodzi ndi zina. Mukamvere kunyumba mutakhala pansi, osati kumsika."

Sindinamvere. Ndinali pambali pa bedi, ndipo ndinkati nthawi ilipo. Lachiwiri pa 18 Febuluwale 2025, nthawi ya 9 koloko m'mawa, malemu anatisiya ali ndi zaka 45.

Tsopano ndinene chomwe ndaimirira pano. Lachitatu m'mawa ndinatuluka kuseri kwa nyumba ya maliro, ndipo ndinapeza amayi ophika akukolezera mbaula ndi mapepala. Makala anali onyowa, iwo anaona mabuku akale pashelefu, nati ndi zotaya. Mabuku awiri aja a galasi anali atapita kale. Kopeli ndinalilanda m'manja mwa munthu likuyaka. Sinditchula dzina, sanadziwe, ndipo ndi iwo atidyetsa masiku atatu awa. Koma kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhale pansi.

Dzulo akuluakulu a banja anakhala pansi. Katundu wa malemu, zovala, nsapato, zipangizo za ntchito ndi foni, anamuika m'chipinda chaching'ono, alongo anga n'kukhoma ndi loko wawo, kuti mawa m'mawa agawe monga mwa mwambo. Foni anaipereka kwa Micheal, mng'ono wa malemu, mwana wanganso, amene amayendetsa minibasi ku Lusaka. Mpaka apo palibe cholakwika. Koma anagwirizananso kuti monga zovala za malemu timazichapa tisanagawe, foni nayo ichapidwe. Micheal aipititse kwa okonza mafoni akafufute zonse zili m'kati, asanakwere basi ya masana. Alongo anga akuti mawu a munthu wakufa akamamveka m'nyumba, mzimu wake sugona, ndipo ana azilota.

Ndinawapempha kuti Natalie ayambe wasamutsa mawuwo kuika m'foni ya amake. Anati katundu wa malemu sakhudzidwa asanagawidwe, ndipo mayi wofedwa salowerera za kugawa. Ndinatuluka. Chakudya sichinalowe.

Alongo, ine ndi inu tinayamwa bere limodzi, ndipo mwambo ndimaudziwa. Zovala za atate athu ndinachapa ndine. Za a Samuel ndinachapa ndine. Koma malaya ukachapa amatsala malaya, ndipo ukaona Micheal atavala umati awo ndi a Derrick. M'fonimo mukachapa simutsala kanthu. Ndikuuzeni chomwe sindinauzepo munthu. Mawu a a Samuel ndinawaiwala. Nkhope ndimaiona pachithunzi, koma mmene ankandiitanira sindikumbukira, ngakhale nditseke maso. Zinanditengera zaka zisanu zokha. Tracy ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mukufuna kuti akamadzakwatiwa adzafunse ine kuti atate ake ankalankhula bwanji?

Za kulota, ngati abwera kutulo abwere kwa ine. Ndinawalera ali moyo, sindingawaope lero. Bambo mfumu ali pompano, mungawafunse ngati kumvera mwana wako akufotokoza za m'mabuku ndi tchimo.

Ndipo sindikudziwa zina zija anati andiikira. Mwina ndi za ana. Mwina ndi za amake Natalie ndi nyumba. Mwina akungondiseka. Sindikudziwa ngati mayi wa nsomba uja anapeza bwato. Foniyo yakhala m'chipindamo chizimireni, denga la pamenepo limadontha, ndipo mvula yagwa kawiri. Nambala yotsegulira amaidziwa Natalie yekha, ndipo ndamufunsa kanayi ngati sanaiwale.

Ine ndine wa kumsika, sinditenga chinthu chaulere. Micheal, tandiyang'ana. Foni ndi yako, sindikukulanda. Utenga ndi tchaja chomwe, ndi mahedifoni. Pamwamba pake ndikupatsa njinga ya atate ako, ija wakhala ukundipempha chimwalirireni iwo, ine n'kumakana. Chomwe ndikufuna ndi ola limodzi, Natalie ali ndi foniyo m'manja, ine ndili pambali. Likatha olalo kachapeni mmene mufunira. Sindionjeza kanthu, ndipo pa ola limenelo sindichotsapo mphindi.

Kuti tisadzakangane pambuyo pake, ndinene pano anthu onse akumva. Lero m'mawa, inu mukukonzekera za Misa, ndatenga loko wa pa bokosi langa la kumsika n'kumukhoma pa chitseko chija, pamwamba pa wanu, alongo. Wanu sindinamukhudze, ndipo m'chipindamo sindinalowe. Kiyi wanu ali m'thumba mwanu, wanga ali pa mfundo ya chitenje changa. Chitsekocho chitseguka tikagwirizana tonse awiri. Ngati ndachita mwano, mudzandiweruze tikachoka kumanda. Ndidzakhala pansi ndi kumva.

Malemu asiya mkazi wawo a Nosiku Mubita Njobvu, ana awiri Natalie ndi Tracy, mng'ono wawo Micheal, mlongo wawo Lorraine wa ku Ndola, amalume awo a January Daka, ndi ine mayi wawo. Asiyanso mabuku 19 omaliza ndi limodzi losiya pakati.

M'malo mwa banja ndikuthokoza Bambo mfumu ndi akhristu a mphakati wathu amene ankabweretsa Ukaristia kunyumba. Ndikuthokoza anamwino amene ankatilola kutchaja foni pa tebulo lawo. Ndikuthokoza anzawo a kunjanji amene akhoma bokosi ndi kubweretsa galimoto, amayi a kumsika amene andisungira benchi, wometa tsitsi wa ku Kamushanga, ndi amayi ophika onse. Alongo anga, ndikuthokozani pobwera ulendo wautali. Ndikudziwa kuti zomwe munagamula munagamula pofuna kuteteza ana. Amake Natalie, mwana wanga munamusamala kuposa mmene ine ndikanathera. Pa nyumba ija palibe adzakusuntheni ine ndili moyo.

Ambuye awapatse malemu a Derrick Njobvu mpumulo wosatha, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere. Derrick mwana wanga, iwe gona. Ine ndipuma ndikamva zomwe wandiuza.