Akazi anga anapulumukira pa jeneza

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndikulemba izi chifukwa madzi osefukira anatsala pang'ono kundilanda akazi anga.

Ndiyambe ndi manyazi anga. A komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi atabwera kuno m'mbali mwa mtsinje wa Likangala kudzatiuza kuti tisamukire kusukulu, ine ndinaimirira, magalasi pamphuno, nkuwaphunzitsa za mitambo. Paja sukulu ndinalekezera panjira, koma mabuku a pakaunjika ndawerenga ambiri. Ndinati mvula yatha, onani dzuwali. Mpaka ndinayanika bulangete.

Sindinaganizeko zoti mvula ikamagwa kuphiri kumene mtsinjewu umachokera, madzi ake amatsikira kwa ife. Lachisanu masana, kunja kuli ngwee, ndinamva mkokomo ngati malole ambirimbiri. Potuluka ndinaona mtsinje uli pakhomo, wofiira, utasenza mitengo, miyala ndi denga la munthu. Ndinangoti kukamwa yasa.

Akazi anga anafa ziwalo mbali imodzi, sayenda. Ndinayesa kuwabereka, tonse tinagwa. Madzi analowa, nkufika pamiyendo ya bedi, khoma lakuseri nkuyamba kung'aluka. Iwo anati, "Bambo, thawani, ndisiyeni." Zonse ndinawerenga zija zinandithawa m'mutu. Ndinangokuwa kuti Yesu, tumizani munthu!

Munthuyo anabweradi, koma osati amene ndinkamuyembekeza. Anali Che Asani, neba wathu wogulitsa nsomba zouma, ali ndi amuna anzawo ochokera ku swala, mapemphero a Asilamu a Lachisanu. Ataona kuti bedi silingatuluke pakhomo, awiri anathamangira kumzikiti nkubwera ndi jeneza, chonyamulira maliro chija. Akazi anga amoyo, pa jeneza? Koma madzi anali m'chiuno. Anawagoneka, nkuwasenza pamapewa mpaka kusukulu, ine pambuyo ndikulira ngati mwana. Tisanafike, nyumba inagwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sasankha khomo lodzera thandizo. Inu amene muli m'mayesero musafooke, pempherani. Komanso ochenjeza akabwera nyamukani, musadikire kuti muone madzi.

Mawa lake ndinapita kukathokoza Che Asani. Iwo anaseka nkuti, "Achimwene, jeneza ija tanyamulirapo anthu ambiri, koma mayiwa ndi oyamba kutikalipira kuti tiziyenda bwino tingawagwetse."